Paul Ngozi, Mnyamata wa ku Chibolya Amene Analankhulitsa Gitala

Paul Dobson Nyirongo, amene dziko lonse linamdziwa ndi dzina lakuti Paul Ngozi, anabadwa m'caka ca 1949 ndipo anakulira m'komboni ya Chibolya mu Lusaka, pakati pa anthu osauka. Gitala imene anaikonda sinali ya bokosi monga zija timaziona kumudzi, koma ya magetsi, yolira mwaukali monga momwe anali kuilizira Jimi Hendrix wa ku America.

Akali mnyamata anaimbako m'gulu la Musi-O-Tunya, limene linakhalapo mu Nairobi, ku Kenya. Atabwerera kwao anayambitsa gulu lake la Ngozi Family, m'mene Chrissy Zebby Tembo anali kuliza ng'oma ndipo Tommy Mwale gitala ya besi. Dzina la Ngozi linamuyeneradi, pakuti akaimirira pamaso pa anthu anali kuliza gitala ngakhale ndi mano, khamu lonse nkumakuwa.

M'zaka zimenezo Mtsogoleri Kenneth Kaunda analamula kuti wailesi ya dziko iziulutsa makamaka nyimbo za eni dziko. Khomo litatseguka tero, Paul sanacedwe. Mu 1976 anaturutsa lekodi ya Day of Judgement, ndipo mu 1977 kunabwera The Ghetto ndi 45,000 Volts. Maimbidwe amenewa ndiwo achedwa Zamrock.

Odziwa gitala analipo ambiri, koma cimene cinamsiyanitsa ndi anzake ndi nkhani zimene anali kuimba. Anatenga cida ca kutsidya kwa nyanja naciphunzitsa kulankhula za m'komboni: umphawi, ucidakwa wa makolo, ana osowa owasamalira ndi mikangano ya m'mabanja. Anali kuimba m'Cingerezi ndi m'Cinyanja comwe, kotero kuti mai wogulitsa ndiwo pamsika, ngakhale sanapite kusukulu, anamva kuti nyimbozo zikunena za iye.

Mtengo wa mkuwa utagwa, ndalama zinasowa m'matumba ndipo malekodi analeka kuyenda malonda. M'zaka za m'ma 1980 anthu anatembenukira ku disiko ndi kalindula. Paul anamwalira mu 1989 ali ndi zaka 40 cabe, ndipo malekodi ake anayamba kusowa m'dziko lake lomwe.

Koma nchito yabwino siiola. Ku Kabwata mu Lusaka mseu wina unachedwa dzina lake. Mu 2014 kampani ya Now-Again ya ku America inaturutsanso Day of Judgement, ndipo mu 2024 woimba wa komweko, Tyler, the Creator, anatapa mbali ya nyimbo ya Nizakupanga Ngozi naiika m'nyimbo yake ya Noid. Motero Cinyanja ca ku Lusaka cinamveka m'maiko akutali, patapita zaka 35 mwini wake atagona.

Inu amene mukali ndi malekodi akale m'sutukesi, asungeni pouma, ndipo muuze adzukulu anu kuti woimbayo anali mwana wa ku Chibolya.