Dr. Robert Laws, Sing'anga Wogoneka Anthu Tulo

Mlungu wa mawa tidzasankha wapampando wa gulu lathu la Sayansi ndi Zachipatala, ndipo ine ndine mmodzi wa atatu amene apereka maina. Anzanga ambiri alikundifunsa chimene chandilowetsa m'zimenezi. Chaka chatha mlongo wanga wamng'ono anamchita opaleshoni ya m'mimba. Amayi ndi ine tinachoka kwathu ku Kawale mbandakucha, nitikhala pakhonde la chipatala mitima ili m'mwamba. Mwanayo atadzuka anatiuza kuti sanamve kanthu konse. Kuyambira tsiku limenelo ndinafunitsitsa kudziwa amene anayamba nchito yotere m'dziko muno, ndipo ndinapeza dzina la Dr. Robert Laws.

Munthu ameneyu anabadwira ku Aberdeen, m'dziko la Scotland, m'chaka cha 1851. Atate ake anali mmisiri wa matabwa, ndipo iyenso anayamba waphunzira umisiri womwewo. Pakuti kwawo kunalibe chuma, ankapala matabwa usana naphunzira madzulo, kufikira analowa sukulu ya ukachenjede ya Aberdeen. Anaphunzira za udokotala ndi za ubusa zomwe.

M'chaka cha 1875 anabwera kuno pamodzi ndi amishoni a Livingstonia, mtsogoleri wawo ali E. D. Young. Anali ndi sitima yaing'ono dzina lake Ilala. Atafika pa mathithi a Shire anaimasula zidutswazidutswa, ndipo anthu mazanamazana a kuno anaisenza pamutu kufikira kumtunda kwa mathithiwo. Mu October anafika pa nyanja namanga ku Cape Maclear.

Kumeneko, mu March 1876, kunabwera mnyamata amene anali ndi chotupa pamwamba pa diso. Dr. Laws anamnunkhiza mankhwala otchedwa chloroform, amene James Young Simpson anayamba kugonekera nawo odwala ku Edinburgh mu 1847. Mankhwalawa ankawadonthezera pansalu naiika pamphuno pa wodwala, ndipo iye akapuma mpweya wake ankagona tulo tofa nato. Sing'angayo anachotsa chotupa chija mnyamatayo osamva kupweteka. Iyi ndiyo opaleshoni imene imatchulidwa kuti inali yoyamba kuchitika ndi chloroform m'chigawo chino cha Afrika. Inali nchito yofuna maso, chifukwa mankhwalawo akachuluka amaimitsa mtima, ndipo n'chifukwa chake madokotala a masiku ano anawasiya natenga ena abwino koposa. Mbiri ya tulo timeneti inawanda, odwala nayamba kubwera kuchokera kutali.

Tsono pano pali chinthu chimene chandigwira mtima. Pamene ankachita zimenezi, Dr. Laws sanali mtsogoleri ai. Anali mnyamata wa zaka 24, wogwira nchito pansi pa ena. Young atabwerera kwawo, udindo unapita kwa Dr. James Stewart, ndipo Stewart atachoka m'pamene unafika kwa iye.

Atakhala mtsogoleri sanachite manyazi kuvomera kuti malo aja anawasankha molakwa. Malungo anapha anzake angapo ku Cape Maclear, kotero mu 1881 anasamutsira mishoni ku Bandawe. Kumenekonso malungo sanawaleke, ndipo mu 1894 anakwera phiri la Khondowe, kumene kuli Livingstonia lero. Anatsegula sukulu ya Overtoun yophunzitsa aphunzitsi, amisiri, alembi ndi othandiza m'chipatala. Anakokera madzi m'mipope, nabweretsa magetsi opangidwa ndi mphamvu ya madzi, ndiponso anamangitsa chipatala cha David Gordon Memorial chimene chilipo kufikira lero. Anachoka m'dziko muno mu 1927, atakhalamo zaka 52, namwalira ku London mu 1934.

Sindinena kuti analibe cholakwa. Anachedwa kwambiri kukhulupirira anthu akuda pa maudindo akulu. Abusa oyamba a Livingstonia, Yesaya Zerenji Mwasi, Hezekiah Tweya ndi Jonathan Chirwa, anawadzoza mu 1914, patapita zaka zambiri chimalizire maphunziro awo. Kuchedwa kumeneku kunawawitsa mitima ya anthu anzeru, ndipo pambuyo pake Mwasi anatuluka nayamba mpingo wake mu 1933.

Anzanga, pa moyo umenewu ndatolapo zitatu zimene ndifuna kuchita mukandisankha. Choyamba, gulu lathu lisamangokhala la mikangano ya pakamwa, koma tiziphunzira ndi manja kumanga mabala ndi kuthandiza wovulala pabwalo la mpira. Chachiwiri, chimene tayesa chikakanika tizivomera msanga ndi kusintha. Chachitatu, ana a Fomu 1 tisamawadikiritse kufikira atakula, koma tiziwapatsa nchito tsopano lino, kuti cholakwa cha Dr. Laws chisaoneke pakati pathu.

Kunena zoona, mantha ndili nawo, pakuti anzanga awiriwo amalankhula bwino kuposa ine, ndipo mmodzi amandiposa pa Biology. Koma ndikagwa sindidzatuluka m'gulu. Ndidzagwira nchito pansi pa wopambanayo, pokumbukira kuti mnyamata wa ku Cape Maclear uja anachira m'manja mwa munthu amene anali asanakhale pampando.

Wophunzira wa Fomu 3