Michael Faraday ndi Golide Wofiira

Michael Faraday anabadwa mu 1791 kufupi ndi London, mwana wa munthu wosula zitsulo. Sukulu sanapite nayo patali. Ali ndi zaka 14 anayamba kuphunzira kusoka mabuku, ndipo mabukuwo ankawawerenganso. Mu 1813 Humphry Davy anamlemba ntchito ku Royal Institution.

Ambiri amamdziwa chifukwa cha 1831, pamene anaonetsa kuti maginito akamayenda pafupi ndi waya amabala magetsi. Koma nkhani ya golide sitchulidwa kawirikawiri m'makalasi. Mu 1857 anafotokoza m'mene anathirira phosphorus m'madzi a mchere wa golide, madziwo nasanduka ofiira. Iye anaona kuti golideyo anagawika m'tizidutswa tosaoneka ndi maso, ndipo analondola. Tizidutswa totere amatiyeza m'mananomita, amene 1,000,000 amakwana milimita imodzi yokha. Kamchenga ka pagombe la Makuzi ndi phiri poyerekeza nato. Masiku ano ophunzira a kuyunivesite amaphunzira zimenezi, ndipo mzere wofiira pa tizipangizo tambiri toyezera malungo ndi golide wotereyu.

Faraday anamwalira mu 1867. Mabotolo ake akadali ku Royal Institution, madzi ake ofiirabe.