Chiune Sugihara ndi Ayuda Amene Adaima pa Chipata Chake

Chiune Sugihara adabadwa pa 1 Januwale 1900 m'chigawo cha Gifu ku Japan. Bambo ake ankafuna kuti adzakhale dokotala, koma mtima wake udali pa zilankhulo. Adaphunzira Chirasha ku Harbin, ndipo mu 1939 boma lake lidamutumiza kukatsegula ofesi ya kazembe ku Kaunas, likulu la Lithuania pa nthawiyo. Ntchito yake yeniyeni idali kuyang'anitsitsa mayendedwe a asilikali a Germany ndi a Soviet Union n'kumadziwitsa akuluakulu ake ku Tokyo. Zothandiza othawa nkhondo sadamutume.

Mu Julaye 1940 khamu la Ayuda othawa ku Poland lidadzaza pa chipata cha ofesi yake. Kumadzulo kudali asilikali a Hitler, ndipo Lithuania yemwe adathawirakoyo adali atangolandidwa ndi Soviet Union. Njira yotsala idali ya kum'mawa, kudutsa Russia yense mpaka ku Japan. Jan Zwartendijk, yemwe ankaimira dziko la Netherlands mu mzindawo, ankawalembera kale m'mapasipoti kuti polowa pa chilumba cha Curaçao sipafunika viza. Chidatsala ndi chilolezo chodutsira ku Japan.

Sugihara adafunsa ku Tokyo. Yankho lidali lakuti viza azipatsa okhawo amene ali ndi ndalama zokwanira ndi mapepala onse a dziko lomwe akupita. Ambiri mwa anthu a pa chipata aja adalibe zimenezi. Tikumbukire, abwenzi, kuti uyu adali wantchito wa boma, wa mkazi ndi ana aang'ono, ndipo Japan idali pa ubwenzi ndi Germany. Atakambirana ndi mkazi wake Yukiko, adayamba kulemba.

Ankalemba ndi dzanja, kuyambira m'mawa mpaka usiku, kwa milungu ingapo. Mndandanda womwe adatumiza ku boma lake uli ndi mayina oposa 2,100, ndipo nthawi zina viza imodzi inkatenga kholo pamodzi ndi ana. A Soviet atalamula kuti ofesi itsekedwe, adapitiriza kulemba ku hotela, mpaka tsiku lomwe adakwera sitima kumayambiriro kwa Seputembala.

Othawawo adayenda pa sitima ya pamtunda kudutsa Siberia mpaka ku Vladivostok, kenako pa sitima ya pamadzi kukafika pa doko la Tsuruga. Ambiri adakakhala ku Kobe. Viza zawo zidali za masiku ochepa chabe, koma Setsuzo Kotsuji, Mjapani wodziwa Chiheberi, adawathandiza kuti masikuwo awonjezedwe. Amene sadapeze kolowera adatumizidwa ku Shanghai mu 1941, komwe adavutika, komabe ambiri adaiona nkhondo ikutha. Mu Juni chaka chomwecho Germany idalowa mu Lithuania, ndipo pafupifupi Ayuda onse otsala kumeneko adaphedwa.

Nkhondo itatha, a Soviet adasunga Sugihara ndi banja lake m'ndende ya akaidi a nkhondo. Atabwerera kwawo mu 1947 adauzidwa kuti atule pansi udindo. Adagwira ntchito zosiyanasiyana, kenako adakhala zaka zambiri ku Moscow akugwirira ntchito kampani ya malonda, osatchuka konse. Mu 1968 mmodzi wa anthu amene adawalembera viza, Yehoshua Nishri, adamufunafuna mpaka kumupeza. Pambuyo pake bungwe la Yad Vashem la ku Jerusalem lidamulemba m'gulu la Olungama Pakati pa Mitundu, koma adali atafooka moti mu 1985 ulemuwo adakamulandirira ndi mkazi wake. Adamwalira ku Kamakura pa 31 Julaye 1986.