James Chuma, mnyamata amene anaponda kwathu kuno

Anzanga, miyendo ikamawawa pokwera phiri la Bunda, muzikumbukira James Chuma.

Chuma anali Myao. Mu 1861, akadali kamnyamata, anapulumutsidwa m'manja mwa ogula akapolo kufupi ndi Magomero, kenaka anakaphunzira ku Bombay, m'dziko la India. Mu 1866 anauyamba wapansi limodzi ndi David Livingstone, ndipo mu Okutobala chaka chomwecho anawoloka mtsinje wa Diamphwe n'kudutsa m'mphepete mwa Dzalanyama. Eetu, Dzalanyama yomweyi timaiona tili pa Mitundu! Nthawiyo nyama zinali zodzazadi m'menemo.

Livingstone atamwalira kwa Chitambo ku Zambia mu 1873, Chuma ndi mnzake Susi anaumitsa mtembo ndi mchere, n'kutsogolera gulu lomwe linaunyamula mpaka ku Bagamoyo, mtunda woposa makilomita 1,500. Anatha miyezi 9 ali m'njira. Mu 1879 Chuma anatsogoleranso amtengatenga a Joseph Thomson. Anamwalira ku Zanzibar mu 1882, asanakwanitse n'komwe zaka 35.

Kusukulu tinangoloweza dzina la Livingstone basi. Inu a ku Nathenje, mukamadzawoloka Diamphwe pa njinga, mudzaime kaye pang'ono, muwafotokozere anzanu za Chuma.