Esther Rolle: Katswiri wa nthabwala amene adakana banja lopanda bambo

M'chaka cha 1973, akuluakulu okonza masewero a pa wailesi ya kanema ya CBS ku America adapatsa mayi wina wa zaka zopitirira 50 mwayi umene azisudzo ambiri amamwalira asadauone. Adamuuza kuti akhala mutu wa sewero lakelake lanthabwala, loonetsedwa mlungu ndi mlungu m'dziko lonselo. M'seweromo adayenera kukhala mayi wosauka, wolera yekha ana ake. Mayiyo, Esther Rolle, adayankha kuti ngati m'nyumbamo simukhala bambo, iwo afune munthu wina.

Panthawiyo Rolle sadali wolemera, ndipo dzina lake lidali litangoyamba kumene kumveka. Akadatha kungolandira ntchitoyo n'kukhala chete. Koma moyo wake wonse wa m'zisudzo udayenda chomwecho: ankaseketsa anthu mpaka kugwira nthiti, koma sankalola kuti chosekedwacho chikhale mtundu wake.

Esther Elizabeth Rolle adabadwa pa 8 Novembala 1920 ku Pompano Beach, m'chigawo cha Florida. Makolo ake, Jonathan ndi Elizabeth Rolle, adachokera ku zilumba za Bahamas, ndipo bambowo adali mlimi wa ndiwo zamasamba. M'banjamo mudabadwa ana 18, iye n'kukhala wachikhumi. Adakula pamene malamulo a kummwera kwa America ankalekanitsa azungu ndi anthu akuda m'sukulu, m'zipatala ndi m'magalimoto onyamula anthu. Koma pakhomo pawo padali bambo ndi mayi olera ana awo limodzi, ndipo chithunzi chimenechi sichidachoke m'mutu mwake. Luso la zisudzo nalo lidali la m'magazi. Akulu ake awiri, Estelle Evans ndi Rosanna Carter, adalinso azisudzo, ndipo Estelle ndiye adasewera ngati Calpurnia mu filimu ya To Kill a Mockingbird m'chaka cha 1962.

Ataphunzirako ku Spelman College mumzinda wa Atlanta, Rolle adasamukira ku New York, kumene adapitiriza maphunziro ku Hunter College ndi ku New School. Kwa zaka zambiri chakudya chake chinkachokera m'dera la mafakitale osoka zovala, kumene ankagwira ntchito masana. Pabwalo la zisangalalo adalowera khomo la gule. Adali m'gulu lovina la Shogola Oloba, limene adaliyambitsa Asadata Dafora, mkulu wa ku Sierra Leone amene adaonetsa anthu a ku New York magule ndi ng'oma za kumadzulo kwa Africa. Mu 1960 Rolle adakhala mtsogoleri wa gululo.

Zisudzo zenizeni adaziyamba atapitirira zaka 40. Mu 1962 adaonekera mu sewero la The Blacks, lolembedwa ndi Jean Genet wa ku France. Kenaka adasewera m'masewero awiri a James Baldwin, Blues for Mister Charlie ndi The Amen Corner. Pamene Douglas Turner Ward, Robert Hooks ndi Gerald Krone adakhazikitsa gulu la Negro Ensemble Company mu 1967, Rolle adali m'modzi mwa azisudzo ake oyamba.

Gulu limeneli lidabadwa chifukwa cha njala ya malo. Kwa zaka zambiri, mkazi wakuda ankati akaitanidwa ku filimu kapena ku wailesi ya kanema, ankadziwiratu kuti akavala epuloni. Hattie McDaniel, munthu wakuda woyamba kulandira mphoto ya Oscar mu 1940, adailandira atasewera ngati wantchito wa m'nyumba mu filimu ya Gone with the Wind. Ku Negro Ensemble Company zinthu zidali zina. Olemba ambiri adali akuda, ndipo ankalemba za anthu amene ankawadziwa, okhala ndi mikangano, ngongole, chikondi ndi nthabwala zawo. Kumeneko Rolle adanola luso limene lidadzamutchukitsa: kudziwa nthawi yoyankhula ndi nthawi yongokhala chete, n'kusiya diso lokha kuti limalize nkhani.

Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha. Mu 1972, ali ndi zaka 51, Rolle ankasewera ku Broadway mu Don't Play Us Cheap, sewero lanyimbo ndi nthabwala la Melvin Van Peebles. Chaka chomwecho Norman Lear, mkonzi wa masewero a pa kanema amene adali atagwedeza dziko ndi All in the Family, ankafuna munthu woti akhale wantchito wa m'nyumba mu sewero latsopano la Maude. Rolle adazengereza, poti epuloni ija idali itabweranso. Adavomera atakhutira kuti Florida Evans, wantchitoyo, akhala munthu wamaganizo ake, osati chida chongonyamula mbale.

Nthabwala za Maude zidagona pa kusiyana kwa amayi awiri. Maude, amene ankaseweredwa ndi Bea Arthur, adali mzungu wopeza bwino wofunitsitsa kuonetsa kuti iye alibe tsankho. Ankachita kunyanya, mpaka kukakamiza Florida kuti azilowera khomo lakumaso ngakhale mwiniwakeyo ankaona kuti lakuseri ndilo lomuyendera bwino. Florida ankangomuyang'ana, kudikira kuti amalize, kenaka n'kumubweza pansi ndi mawu ochepa. Oonera adazindikira msanga kuti wanzeru m'nyumba ija adali wantchitoyo, ndipo adamukonda kwambiri kotero kuti pasanathe zaka ziwiri okonza adaganiza zomupatsa sewero lake.

Apa ndipo padabuka nkhani ya bambo ija. Siidali nkhani yaing'ono m'dziko la America la nthawi imeneyo. Mu 1965 Daniel Patrick Moynihan, yemwe ankagwira ntchito m'boma, adatulutsa lipoti limene lidati kusowa kwa abambo m'mabanja ambiri a anthu akuda ndi gwero lalikulu la umphawi wawo, ndipo lipotilo lidabutsa mtsutso waukulu. Sewero la Julia, limene lidayamba mu 1968, lidaonetsa mkazi wakuda ali namwino wolemekezeka, komabe adali wamasiye wolera yekha mwana. Rolle, amene adaleredwa ndi bambo wosamala ana 18, sadafune kuwonjezera umboni pa bodza lakuti mwamuna wakuda sakhala pakhomo. Adaumirira mpaka adapambana, ndipo John Amos, amene adali kale mwamuna wa Florida mu Maude, adalowa m'sewero latsopanolo ngati James Evans. Amos adali wamng'ono kwa Rolle ndi zaka 19, koma pa kanema awiriwa ankaoneka ngati anthu amene adyera limodzi mchere wambiri.

Good Times idayamba kuonetsedwa pa 8 Febuluwale 1974. Adailemba poyamba ndi Eric Monte ndi Mike Evans, ndipo imatchulidwa ngati sewero loyamba lanthabwala la pa kanema ku America kuonetsa banja la anthu akuda lokhala ndi makolo onse awiri. Banja la Evans linkakhala m'nyumba zosanjikizana za boma za anthu osauka mumzinda wa Chicago. James ankagwira maganyu osiyanasiyana, ntchito ikatha n'kuyambanso kufunafuna. Florida adali mayi wopemphera, wosalola kuti khobidi lakuba lilowe m'nyumba mwake ngakhale lendi itavuta. Ana adali atatu: J.J., Thelma ndi Michael. Nkhani zake zidali za kuthamangitsidwa m'nyumba, kukwera mitengo kwa zakudya, magulu a achinyamata achiwawa, ndi mayeso a kusukulu okondera ana a azungu. Zonsezi zinkajambulidwa pamaso pa anthu oonerera, monga m'holo ya zisudzo, ndipo apa zaka zimene Rolle adakhala pa siteji zidamupindulira.

Koma kutchuka kwa sewerolo kudabwera ndi vuto lake. Jimmie Walker, wanthabwala wa m'makalabu amene ankasewera ngati J.J., adakopa anthu ndi thupi lake lowonda, chipewa chake, kutong'ola maso ndi mfuu yake ya liwu limodzi imene ana m'misewu ankangoibwereza. Okonza ataona kuti phwete wamkulu akuchokera pamenepo, adayamba kumangira nkhani pa J.J., ndipo zija za lendi ndi sukulu zidayamba kuchepa. Rolle ndi Amos adaona kuti mnyamatayo akusanduka chidole chofanana ndi zija zakale zimene azungu ankasekera anthu akuda. Mu 1975 Rolle adauza magazini ya Ebony poyera kuti sewerolo likuonetsa ana mnyamata wamkulu wosagwira ntchito, wosawerenga ndiponso wosaganiza, pamene Michael, mwana wanzeru wa m'banjamo, akuchepetsedwa malo. Dandaulo lake lidali pa olemba, ambiri mwa iwo azungu, amene ankalemba za moyo umene sadaukhalepo.

Amos, amene ankakangana ndi olembawo mosabisa mawu, adachotsedwa ntchito mu 1976. Okonza adasankha kupha James Evans pa ngozi ya galimoto ku Mississippi, kumene adapita atapeza ntchito yabwino. Motero banja lija limene Rolle adalimenyera nkhondo lidakhala ndendende chimene iye adachikana pachiyambi.

Chodabwitsa n'chakuti pa imfa imeneyi m'pamene Rolle adachita chinthu chimene anthu amamukumbukira nacho kwambiri. Uthenga wa maliro ukufika banja lili pa phwando lotsanzikana ndi anansi. Pa mwambo wonse wa maliro Florida sakukhetsa msozi, akulandira alendo ndi kuseka nawo, mpaka ana ake akukhumudwa poganiza kuti mayi awo sakumva chisoni. Alendo atapita, iye akuchotsa ziwiya, akunyamula mbale yaikulu yagalasi, ndipo mwadzidzidzi akuimenyetsa pansi n'kulira mokweza. Anthu amene adazolowera kuseka naye mlungu uliwonse adaona mayi wamasiye weniweni.

Adapirira chaka chimodzi chokha. Mu 1977 adachoka, kusiya malipiro ndi kutchuka zimene adazidikira zaka zambiri. Olemba adakwatitsa Florida kwa mwamuna wina, Carl Dixon, n'kumusamutsira ku Arizona, ana n'kutsala m'manja mwa Willona, mnansi wawo. Chaka chimenecho ndi chimene Janet Jackson, akadali kamtsikana, adalowa m'seweroli ngati Penny. Chaka chomwechonso Rolle adabwerera pa siteji ku New York, kumene adasewera ngati Lady Macbeth.

Nyumba yopanda bambo ndi mayi siidakope anthu, ndipo chiwerengero cha oonera chidatsika. Okonza adamutsatira Rolle kukamupempha kuti abwerere. Iye adaika mfundo zake: nkhani zilembedwe bwino, J.J. akhale mnyamata wodalirika pakhomo, ndipo Carl Dixon achotsedwe, popeza sadakhulupirire kuti Florida angasiye ana ake msanga chotero n'kutsata mwamuna wosapemphera. Adabwerera mu 1978, koma oonera ambiri adali atapita kale. Good Times idatha pa 1 Ogasiti 1979 itaonetsa zigawo 133.

Chaka chomwecho Rolle adalandira mphoto ya Emmy chifukwa cha filimu ya pa kanema ya Summer of My German Soldier. M'menemo adali Ruth, wantchito wa m'nyumba amene ndiye yekha ankakonda mwana wonyozedwa ndi makolo ake. Mu 1989 adakhalanso wantchito, Idella, mu Driving Miss Daisy, imene idapata Oscar ya filimu yopambana zonse. Ena adadabwa kuti bwanji munthu wolimba mtima chotere akuvalabe epuloni. Koma Rolle sadanyozepo ntchito ya m'nyumba, imene amayi ambiri akuda adalerera ana awo. Chimene ankakana ndi wantchito wopanda dzina, wopanda kwawo ndiponso wopanda mtima.

Zisudzo za pa siteji sadazitaye. Adasewera ngati Lena Younger, mayi wa banja mu A Raisin in the Sun ya Lorraine Hansberry, ndipo mu 1989 sewerolo lidaonetsedwa pa kanema iye ali limodzi ndi Danny Glover. Mu 1990 bungwe lomenyera ufulu wa anthu akuda la NAACP lidamupatsa mphoto chifukwa chokweza ulemu wa anthu akuda kudzera m'zisudzo. Mu 1997 adaonekera mu Rosewood, filimu yofotokoza za kuphedwa kwa anthu akuda ndi kuotchedwa kwa mudzi wawo mu 1923, m'chigawo chomwe chija cha Florida chimene iye adabadwira.

Mayi amene dziko lonse la America linkamudziwa ngati mayi wa ana atatu sadabereke mwana wake. Adakwatiwa ndi Oscar Robinson mu 1955, ndipo banjalo lidatha mu 1975. Zaka zake zomaliza adavutika ndi matenda a shuga, amene adamutenga pa 17 Novembala 1998 ku Culver City, m'chigawo cha California, patangopita masiku 9 chikwanitsireni zaka 78. Thupi lake adakaliika kwawo ku Pompano Beach.

Patatha mwezi ndi masiku ochepa chimwalirireni, filimu ya Down in the Delta, imene adaitsogolera Maya Angelou, idayamba kuonetsedwa. M'menemo Rolle adali gogo wodwala matenda oiwala, wosamalidwa ndi mwamuna wake wokalamba amene sadamusiye. Ngakhale pa ntchito imeneyi, imodzi mwa zomaliza za moyo wake, m'nyumba mudali bambo.