Robert Moog: mmisiri amene adachepetsa makina oimbira

Si chachilendo masiku ano kulowa m'tchalitchi ku Champhira, kapena kufika paukwati pa Jenda, n'kupeza mnyamata mmodzi ali pa kiyibodi, chipangizo chimodzicho chikulira ngati malipenga, besi ndi ng'oma. Makiyibodi ambiri otere ndi a Yamaha kapena Casio, ena ogulidwa atagwirapo kale ntchito. Koma padali nthawi pamene makina opanga mawu a nyimbo ndi magetsi ankadzaza chipinda, ndipo woimba wamba sankawayandikira. Mmodzi mwa anthu amene adasintha zimenezi ndi Robert Moog wa ku America.

Moog adabadwira mumzinda wa New York pa 23 May 1934. Mayi ake adamukakamiza kuphunzira piyano, koma mtima wake udali m'chipinda momwe bambo ake, amene adali injiniya wa zamagetsi, ankasungiramo mawaya ndi zida. Ali ndi zaka pafupifupi 14 adadzipangira theremin, choimbira chimene munthu amaliza poyendetsa manja m'malere osachikhudza. Mu 1953 adayamba kugulitsa zoimbirazi, ndipo mu 1961 ankagulitsanso zidutswa zake pamtengo wa pafupifupi madola 50 kuti wogula akalumikize yekha kunyumba. Ndalamazo zidamuthandiza pamaphunziro, amene adawamaliza mu 1965 ndi digiri ya udokotala ku Cornell University.

M'zaka zimenezo sinthesaiza yotchuka idali RCA Mark II, chimakina chachikulu cha mumzinda wa New York chimene ankachilamula ndi mapepala obowola. Mu 1963 Moog adakumana ndi wopeka nyimbo Herb Deutsch, ndipo chaka chotsatira awiriwa adagwirira limodzi ntchito m'tauni yaing'ono ya Trumansburg. Woimba ankanena chimene khutu lake likufuna, mmisiri n'kuchipanga.

Zotsatira zake zidali makina a zigawozigawo. Chigawo china chinkabala liwu, china chinkalisefa kuti likhale lakuthwa kapena lofewa, china chinkalamula mmene liwulo liyambire ndi mmene lizimiririkire. Zigawozi zinkalumikizidwa ndi zingwe, ndipo mphamvu ya magetsi ndiyo inkakweza kapena kutsitsa liwu. Wogula ankatha kusankha zigawo zimene akuzifuna, n'kudzawonjezera zina thumba likalola. Komabe makina okwanira ankafika pa madola pafupifupi 10 000, kotero ogula ambiri adali mayunivesite ndi nyumba zojambulira nyimbo.

Mu 1968 Wendy Carlos adatulutsa chimbale cha Switched-On Bach, chimene chidapata mphoto zitatu za Grammy. Chaka chotsatira gulu la Beatles lidagwiritsa ntchito makinawa pa chimbale cha Abbey Road. Dzina la Moog lidamveka dziko lonse, koma malonda adayamba kulowa pansi, poti ochepa amene akadakwanitsa mtengowo adali atagula kale.

Chipulumutso chidachokera kwa antchito ake. Injiniya wina, Bill Hemsath, adatola zidutswa zotsala m'fakitale n'kupanga kachipangizo kakang'ono. Poyamba Moog adakayika, koma kenako adavomera, ndipo mu 1970 mudatuluka Minimoog. Idali ndi makiyi 44, zigawo zitatu zobala mawu, ndiponso timabatani tozungulitsa m'malo mwa zingwe. Inkaliza liwu limodzi lokha panthawi imodzi, koma munthu ankatha kuinyamula kupita nayo kudansi. Mtengo wake, wa pafupifupi madola 1 500, udali wokwerabe, komatu tsopano sinthesaiza idayamba kupezeka m'masitolo a zoimbira. Pofika 1981 zoposa 12 000 zidali zitapangidwa, ndipo oimba ngati Herbie Hancock ndi gulu la Kraftwerk adazidalira.

Moog adali mmisiri wakuya koma wamalonda wofooka. Pa zonse za m'sinthesaiza yake, chimene adachiteteza mwamphamvu mwalamulo chidali sefa ya mawu, ndipo makampani ena sadachedwe kupanga makina opikisana nawo. Atapanikizika ndi ngongole, adagulitsa kampani yake mu 1971, ndipo mu 1977 adachokamo, n'kusiya dzina lake lenileni m'manja mwa eni atsopano. Adasamukira ku North Carolina komwe adatsegula kampani yaing'ono ya Big Briar, n'kubwerera ku ma theremin a paubwana wake. Mu 1983 Yamaha idatulutsa DX7, imene inkaliza mawu ambiri nthawi imodzi, ndipo oimba ambiri adataya makina akale pamtengo wolira.

Patapita zaka, oimba achinyamata adayambanso kusakasaka mawu onenepa a makina akale aja. Mu 2001 Moog adalandira mphoto ya Polar Music Prize ku Sweden, ndipo mu 2002 adawombola dzina lake n'kutulutsa Minimoog Voyager. Sadakhalitse nalo dzinalo: adamwalira ndi chotupa cha mu ubongo pa 21 August 2005 ku Asheville, ali ndi zaka 71.

Kulephera kwake pamalonda kudapindulira oimba osauka. Kapangidwe ka Minimoog kadafalikira, mwakuti kampani ya Behringer idatulutsa Model D, yotengera makinawo, n'kuyamba kuigulitsa pamtengo wa pafupifupi madola 300. Woimba wa ku Mzimba amene akulingalira zosiya kiyibodi yake yakale kuti agule sinthesaiza yeniyeni adzapezamo zigawo zomwe zija za ku Trumansburg: chobala liwu, sefa, ndi cholamula kutalika kwa liwu. Akazidziwa zitatuzi, angathe kuyesa chipangizo ndi khutu lake asadatulutse ndalama, ngakhale dzina lolembedwa pamwamba pake lisakhale lotchuka.