Adamupeza Atagwada

Ambirife dzina la David Livingstone tidalimvera kusukulu, ngati la munthu wolimba mtima amene adafika pa nyanja yathu m'chaka cha 1859. Za maondo ake sitikamba kawirikawiri.

Iye adabadwira ku Blantyre wa ku Scotland mu 1813, ndipo ali ndi zaka 10 adayamba ntchito m'fakitale ya thonje. Tisabise: kudzichepetsa sikudali chibadwa chake. Adali munthu wa liuma, wosamva za anzake, ndipo pa ulendo wa mu Zambezi adakangana ndi azungu anzake mpaka ena kuwachotsa ntchito. Ulendowo udamuswa mtima. Mkazi wake Mary adamwalira ndi malungo ku Shupanga mu 1862, ndipo chaka chotsatira boma la Britain lidalamula kuti ulendowo uthe. Munthu amene adatamandidwa ku London adabwerera kwawo ambiri akumuona ngati wolephera.

Zaka zake zomaliza adathera pofunafuna gwero la mtsinje wa Nile, akuyembekeza kuti akalipeza dziko lidzamvera kulira kwake pa malonda a akapolo. Gwerolo sadalipeze. Henry Stanley atamupeza ku Ujiji mu 1871 adamupempha kuti abwerere kwawo, koma iye adakana. Kodi chidali chikhulupiriro kapena liuma lomwe lija? Ife tikuganiza kuti zidalipo zonse ziwiri, monga zimakhalira mwa atumiki ambiri.

M'madambo a Bangweulu matenda a kamwazi adamufooketsa kotero kuti ankamunyamula pa machira. Mbandakucha wa pa 1 Meyi 1873, m'mudzi wa mfumu Chitambo, m'dziko limene lero ndi Zambia, anyamata ake adalowa m'kanyumba kake kaudzu namupeza atagwada pambali pa kama, mutu uli m'manja. Adali atatsirizika. Mawu a pempherolo palibe adawamva. Chimene tidziwa n'chakuti munthu amene sankathanso kuyenda adatsirizira mphamvu zake pa kugwada, monga Mbuye wake ku Getsemane, wopanda chipambano chilichonse choonetsa kwa Mulungu.

Patangotha milungu isanu, Sultan wa ku Zanzibar adasaina pangano lotseka msika wa akapolo. Nthawi imeneyo mtima wa Livingstone udali utaikidwa kale pansi pa mtengo kwa Chitambo, ndipo Susi, Chuma ndi anzawo adali m'njira, atasenza mtembo wake ulendo wa miyezi 9 wopita ku Bagamoyo.